Chijasi Chako Sichitsala Kuno

Wakefield,
Lachisanu masana

Zione mwanangu,

Ndangofika kumene kuchokera kuntchito, ndipo mapazi ndawaviika m'beseni la madzi ofunda pansi pa tebulo. Iwe wapita ku Leeds kukatsanzikana ndi anzako, ndiye m'nyumba muno mwangoti zii, kupatula fuliji yathu ija imene imalira ngati ili ndi chifuwa. Ndati ndikulembere panopa kudakali kowala, chifukwa ukudziwa kuti ikamakwana nthawi ya nkhani pa TV, mayi ako amakhala atagona kale pampando, kukamwa kuli yasa. Zapakamwa sindingazithe. Ndikangoyamba kulankhula umandidula ndi Chingerezi chako chothamanga chija, ine n'kuiwala pamene ndinalekezera. Uwerenge pang'onopang'ono uli m'sitima mawa. Chichewa sunachiiwale, umangochita nacho ulesi.

Nkhani yake ndi ya chijasi. M'mawa uno ndisananyamuke ndinaona masutikesi ako atatsekedwa bwinobwino pafupi ndi khomo, koma chijasi chako chachikulu chakuda chija chidakali chokolowekedwa kuseri kwa chitseko, nsapato za mu sinoo zili pansi pake. Munthu amene akupita kukakhala ku Aberdeen, kumene amati mphepo yake imachokera m'nyanja n'kulowa mpaka m'mafupa, sasiya chijasi. Amasiya chijasi ndi munthu amene mumtima mwake wakonza zobwerera kusanazizire. Usaganize kuti sindinamve zimene unanena Lamlungu tikutsuka mbale. Unayang'ana pawindo, osati kwa ine, n'kunena kuti, "Mami, ndikangoyesa teremu imodzi. Zikakavuta ndisintha, ndizidzaphunzira ku Leeds konkuno, ndizigona kunyumba." Ine ndinangoti tiona, chifukwa ndinali nditatopa. Koma ndikudziwa kuti sukuopa sukulu. Ukuopa kundisiya ndekha m'nyengo yozizira. Ndiye tamvera ndikuuze zimene ndaphunzira kuseri kwa nyumba ino, mwina ungatenge chijasi chako.

Chaka chimene tinafika kuno unali usanamalize n'komwe sitandade folo. Tinalowa m'nyumba ino mu Seputembala, kuseri kuli udzu ndi zidutswa za njerwa basi. Ine ndinali nditabwera ndi nthanga za maungu za kwa agogo ako ku Dedza, njere za bonongwe ndi chimanga pang'ono, nditamanga pansonga ya chitenje. Novembala atafika, azakhali ako anaimba foni. "Mlamu, kuno mvula yagwa usiku wonse, ife tabzala kale. Nanga inu kumeneko?" Ndinasuzumira panja, nakonso kukugwa mvula. Magazi a mlimi anawira. Ndinadzutsa bambo ako, amene anali atangogona kuchokera ku shifiti ya usiku ku weyahausi yosungiramo katundu, ndinati bambo, anzathu abzala, ife tikudikira chiyani? Khasu tinalifuna m'masitolo onse osalipeza, ndiye anagula fosholo, n'kupanga nayo timizere tokongola ngati ta pachionetsero cha zaulimi. Tili mkati mobzala, a Maureen a nyumba yoyandikana nayo, amene nthawi imeneyo sitinkawadziwa n'komwe dzina, anasuzumira pampanda, kapu ya tiyi ili m'manja. Anayang'ana mizere ija kwa nthawi yaitali, kenaka anafunsa mwaulemu ngati galu wathu wafa. Bambo ako anawayankha monyada kuti tikubzala chimanga. Mayi aja anangoti, "Chabwino, wokondedwa," n'kulowa m'nyumba mwawo. Tinadikira mpaka Khrisimasi, osamera kalikonse. Nditafukula ndi chala ndinapeza nthanga zonse zitaola, zikununkha. Mwayi wake ndinali nditasungako zochepa m'botolo la jamu.

Ndinalira tsiku limenelo, Zione, osati chifukwa cha chimanga. Ndinalira chifukwa ndinazindikira kuti ngakhale mvula ya kuno sindikuidziwa. Ine wa ku Dedza, ndinkati kuzizira ndimakudziwa, chisanu cha mu Juni ndinakula nacho. Koma kwathu mvula ikagwa ndiye kuti nthaka ikuitana, pamene kuno imangogwa chifukwa ilibe china chochita. Ndiye ukafika kumeneko, usamabzale potengera foni ya kunyumba. Ndikati kunyumba ndikunena Wakefield yemweyu. Usamadzuke m'mawa n'kuyamba wafunsa kuti kwa amayi kwacha bwanji. Yamba wayang'ana pamene wapondapo, ufunse amene akhalitsa kumeneko kuti mwezi uno anthu amachita chiyani, amavala chiyani, amakwera basi iti. Ine ndikanafunsa a Maureen tsiku lija, nthanga za agogo ako sizikanaola.

Sinoo woyamba ukumukumbukira? Mabuku amati chipale chofewa, koma m'nyumba ino palibe anatchulapo choncho. Anagwa chaka chomwecho. Ndinadzidzimuka m'mawa chifukwa cha bata, galimoto osamveka ngakhale imodzi, ndipo kudenga kwa chipinda kunali kuwala kwachilendo. Bambo ako anali ataima pawindo ndi kabudula yekha. "Amake Zione, tadzukani muone, kunja athira ufa." Iwe unathamangira panja utavala mapatapata, ndipo ndisanakugwire unali utadya kale wodzaza dzanja. Bambo ako anatapa sinoo m'beseni lomwe ndaviikamo mapazili, n'kulisenza pamutu kuti ndiwajambule, akatumize kumudzi. Mizere yathu yamanyazi ija inakwiririka yonse, kuseri kukuoneka ngati kwa anthu anzeru. Mabasi sanayende. Ndinapita kuntchito wapansi, ndinagwa chagada pageti penipeni pa nyumba ya okalamba imene ndimagwirako, agogo onse ali pawindo la chipinda chodyera. Mmodzi amene anali asanandilankhulepo chifikireni anaseka mpaka mano ake oikirira anagwera m'phala. Madzulo ake abambo onse a mumsewu muno anatuluka ndi mafosholo kudzachotsa sinoo, ndipo fosholo yathu ya chimanga ija inapeza ntchito yake. Linali tsiku loyamba anthu a mumsewu uno kutipatsa moni.

Ndiye sinoo akagwa kumeneko, tuluka tsiku lomwelo, ngakhale uli ndi mayeso. Usadikire, chifukwa likamafika tsiku lachitatu amakhala atasanduka matope akuda oterera, ndipo aliyense amakhala atakwiya. Uziyenda timasitepe tating'onoting'ono, manja ali kunja kwa matumba. Ndipo uvale chijasi. Ndikubwerezanso, uvale chijasi.

Chaka chotsatira ndinalakwitsanso, koma ulendo uno chifukwa cha mantha. A Maureen anali atandiuza kuti kuno mbewu zimayambira m'nyumba. Mu Malichi ndinafesa nthanga zotsala zija ndi tomato m'timakapu ta yogati, n'kundandalika pawindo la kukhitchini. Zinamera bwino kwambiri, moti ndinkazipatsa moni m'mawa uliwonse. Meyi atafika mayi aja anati, "Tsopano muzizitulutsa masana, madzulo n'kulowetsa. Zikazolowera muzisiye zigone panja, kenaka muwokere." Ine ndinakana. Nthanga zimenezi zinali zomaliza, ndipo ndinali nditaona zimene nthaka ya kuno imachita. Ndinkati ndikatulutsa dzanja pawindo n'kumva kamphepo, ndinkati ayi, mawa. Ndinazisunthira pafupi ndi hita. Mbande zija zinatalika, zinayezuka, zinaonda ngati ulusi, zonse zitatsamira galasi. Bambo ako ankaseka: "Mwazilera ngati ana a bwana izi, sizidzagwira khasu." Nditawokera mu Julayi, dzuwa linaziwaula tsiku loyamba, mphepo n'kudzathyola zotsala tsiku lachiwiri. Linapulumuka phando limodzi la dzungu, limene ndinalitulutsa popukuta pawindo n'kuliiwala panja pa khomo la kuseri mu Meyi chifukwa ndinkathamangira basi. Maungu onse amene wadya m'nyumba ino ndi zidzukulu za limene ndinaliiwala lija. Nkhani imeneyi uisunge, ndibwereranso kwa iyo.

Za nkhwani unali pomwepo, koma unachita manyazi n'kuthawira m'chipinda, ndiye mapeto ake sunawaone. A Maureen ankalima maungu akuluakulu a zidzukulu zawo, oti azikawaboola maso ndi kukamwa pa chikondwerero china cha kuno cha kumapeto kwa Okutobala, ndipo masamba ankangosadza n'kutaya m'bini. Tsiku lina mtima unandipweteka, ndinawapempha masambawo. Anandifunsa ngati ndikuweta akalulu a m'khola, ndinati ayi, tidya ndife. Nkhope yawo inasintha. Madzulo anagogoda pakhomo atanyamula jumbo yodzaza zitini za nyemba ndi supu, akulankhula motsitsa kuti iwe usamve: "Zinthu zikavuta musamachite manyazi, tonse tinadutsamo." Ndinalandira, chifukwa mphatso sakana. Mawa lake ndinasadzula nkhwani uja, ndinatendera ndi nsinjiro, n'kupita nawo m'kambale. Anayamba ndi nsonga ya foloko ngati akulawa mankhwala. Kenaka anakhala pansi. Mbale itayera anati, "Moyo wanga wonse ndakhala ndikutaya zimenezi?" Kuyambira pamenepo mpanda uja unangotsala dzina. Iwo anandiphunzitsa kutchera nkhono zopanda chigoba zija ndi mowa m'kachitini, ine ndinawaphunzitsa kusadzula, ndiponso kuti munthu sangoyamba nkhani asanafunse mnzake mmene wadzukira. Mpaka lero amakuwa pampanda kuti "Mwazuka banji," ndipo sindinawakonzepo.

Kumene ukupitako upeze a Maureen akoako. Sindikunena anzako a pafoni, ndikunena munthu wa chitseko choyandikana ndi chako. Umupatse moni ngakhale asakuyankhe mwezi wathunthu. Ukaphika umugawireko, ndipo akakupatsa zake zosakoma ulandire ndi manja awiri. Anthu a kuno sakhala oipa mtima, amangoopa kuyamba.

Zaka zimene zinatsatira ndi zimene ndimazikumbukira ndikamasintha matewera a anthu akuluakulu msana ukundiwawa. Madzulo a mu Juni ndi Julayi aja, dzuwa likukana kulowa, ife tikudya panja mbale zili pamiyendo. Bambo ako akupalira atavala jekete lawo lobiriwira lakudimba, wailesi ili m'thumba, akukangana ndi mpira. Chimanga chathu sichinkakula kupitirira m'chiuno, zisononkho zake ngati chala chachikulu, koma ankaotcha ndi mwambo wonse, n'kuitana anthu a kutchalitchi kuti adzaone munda. Bonongwe yekha ndiye sanavute, anadzimva kuti ali kwawo, anadutsa pansi pa mpanda mpaka m'maluwa a a Maureen. Ndinayesanso kufutsa. Ndinayanika nkhwani patebulo panja monga timachitira kwathu, dzuwa la kuno n'kundilonjeza m'mawa, masana mvula. Mfutso wonse unachita nkhungu, nyumba kununkha mlungu wathunthu. Tsopano ndimangowiritsa pang'ono n'kuika mufiriza, ndipo agogo ako atamva anati chimenecho si mfutso, ndi ulesi. M'chikwama chako chaching'ono muli timapaketi take, ukafika uike mufiriza nthawi yomweyo, usaiwale.

Tsopano ndifike pamene ukuopa, chifukwa tonse awiri timapazungulira ngati dzenje la pamsewu. Bambo ako anatisiya mu Januwale. Tinapita nawo kumudzi, tinawaika dzuwa likuswa mtengo, chimanga chili bii m'minda, anthu ali khamu, usiku wonse kuli nyimbo. Kenaka ndege inatibweza kuno, tinatsika mumdima wa masana, m'nyumba muli zii, jekete lobiriwira lili pamalo pake. Kwathu mfedwa sasiyidwa yekha, anthu amakhala nawe mpaka utatopa nawo. Kuno a kutchalitchi anabwera mlungu woyamba, Mulungu awadalitse, koma aliyense ali ndi shifiti yake. Ndinatenga jekete lija n'kulitsekera m'sutikesi pamwamba pa wodilopu. Ndinatseka makatani. Zotsatira zake ukuzidziwa kuposa ine. Unkadzuka, n'kutsekula makatani, n'kundiikira tiyi pambali pa bedi, n'kupita kusukulu, ine ndikangomva chitseko ndinkadzuka n'kutsekanso. Unkaphika, unkachapa, unkayankha mafoni a kuntchito kwanga, uku ukukonzekera mayeso. Sunadandaulepo. Ndinkakumva ukuyenda monyang'ama pamasitepe, n'kuima pakhomo la chipinda changa kumvetsera ngati ndikupuma. Mwana sayenera kumvetsera zimenezo, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Chimene sunachione ndi tsiku limene ndinatuluka. Kunali kumapeto kwa Febuluwale, sinoo atagwanso. A Maureen anagogoda kukhomo la kutsogolo, sindinatsekule. Anazungulira kwawo, n'kuyamba kumenya mpanda ndi chitsulo cha mopu, akukuwa dzina langa mpaka agalu a mumsewu anayamba kuuwa. Ndinatsekula windo kuti ndiwauze andisiye. Iwo anati, "Sindikufuna inu, ndikufuna ndiwo. Masamba a amuna anu aja akungowonongeka, ndipo ine mawondo sandilola kulumpha mpanda." Ndinali nditaiwala kuti bambo ako anafesa repu mu Ogasiti, atamva kuti amapirira chisanu. Ndinavala nsapato zawo za jombo, ndinatuluka ndi chitenje pamwamba pa zogonera. Repu uja anali ataima mumzere wake, sinoo ali pamutu, masamba ali obiriwira ngati palibe chachitika. Ndinakwiya naye, Zione. Ndinamuthyola mwaukali, manja akuuma, ndikulira mokweza, mayi aja ali kuseri kwa mpanda atagwira mopu wawo. Theka ndinawapatsira, theka ndinaphika ndi tomato ndi anyezi. Iwe utabwera kusukulu unaima pakhomo la khitchini chikwama chili kumsana, unanunkhiza, n'kungoti, "Mami, mwaphika?" Mlungu womwewo a Maureen anandiperekeza kwa dokotala.

Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikuyenda, ndikugwira ntchito, ndikulima. Koma iwe sunasiye kundilondera. Mawotchi akangobwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi monga amachitira kuno kumapeto kwa Okutobala, mdima n'kuyamba kugwa anthu asanaweruke, umasintha. Umasiya kupita kwa anzako. Umathamangira kutsekula makatani ine ndisanadzuke. Ndikati ndikagule mkaka umati kunja kukuterera, musapite, ndipita ndine. Ndikati ndikaone kudimba umati muzizidwa, khalani, ndikuthyolerani. Ndipo ine ndakhala ndikuvomera, chifukwa ndatopa, mwanangu, ndipo kukhala pafupi ndi hita wina akukuchitira zonse n'kokoma. Nyengo yozizira yathayi sindinapondeko kuseri ngakhale kamodzi.

Ndinati ndibwerera ku mbande zapawindo zija. Ndikudziwa kuti pamene umawerenga unaganiza kuti ndikunena iwe, kuti mayi akufuna kunditulutsa panja ndilimbe. Iwe unalimba kalekale, unagona panja nthawi yako isanakwane. Ndikunena ine. Amene waikidwa pawindo pafupi ndi hita ndine, ndipo amene akutulutsa dzanja kumva kamphepo n'kunena kuti ayi, mawa, ndiwe. Ukuchita chifukwa cha chikondi, monga ndinkachitira ine, poopa kuti wotsala ndi mmodzi yekhayu. Koma ndikudzimva ndekha mmene ndikuondera. Ukabwerera mu Novembala kudzandisunga, udzataya sukulu imene unaivutikira, ndipo ine ndidzakhala mayi wotsamira galasi mpaka tsiku limene udzakwatiwe kapena kupeza ntchito kutali, tsiku limenelo mphepo idzandithyola kamodzi. Ndilole ndizolowere panopa, ndidakali ndi mphamvu pang'ono.

Sindikunena kuti sindikuopa. Ndikuopa kwambiri. Ndikuopa madzulo a mu Disembala ndikamadzatsekula chitseko m'nyumba muli mdima, popanda nyimbo zako zaphokoso zija zimene ndakhala ndikudandaula nazo. Masiku ena ndidzalira, ndipo ukadzaimba foni udzamva m'mawu. Usadzathamangire kusiteshoni chifukwa cha zimenezo. Munthu amalira n'kudzuka kukaphika.

Koma kuti mtima wako ukhale pansi, tamva zimene ndakonza. Ndapempha kuntchito kuti andichotse pa mashifiti a usiku nyengo yozizira yonse, ndipo avomera, ndiye kadzuwa kakaoneka ndizikaona ndili maso. Mankhwala ndikumwa, ndipo kwa dokotala ndipita ndekha tsiku langa likakwana. Ndi a Maureen tapangana za makatani. Ukudziwa kuti anthu a kuno salowa m'nyumba ya mnzawo popanda kuitanidwa, koma makatani amawayang'ana kuposa apolisi. Ndawapatsa kiyi. Ana a sukulu akamadutsa m'mawa makatani anga asanatsekulidwe, alowa osagogoda, ndipo akuti abwera ndi mopu. Nawonso andipatsa kiyi wawo, chifukwa mawondo aja akuipiraipira, ndiye usaganize kuti wolonderedwa ndine ndekha. Repu ndafesa kale, wamera, uli pomwe bambo ako ankafesa. Ndagulanso adyo wobzala. Ameneyu amabzalidwa mu Novembala, mvula ikugwa, nthawi yomwe ija ndinaoletsa nthanga za agogo ako. Akuti amafuna agone m'nthaka yozizira miyezi yonseyo, apo ayi sagawika mano. Ndiye chaka chino azakhali ako akaimba kuti tabzala, nanenso ndiyankha kuti tabzala. Adyoyu amakumbidwa mu Julayi, ndipo ndikufuna udzandithandize kukumba utamaliza chaka chako choyamba, osati teremu imodzi.

Zina ndi zazing'ono koma uzimvere. Kumeneko mdima umagwa msanga kuposa kuno, ndiye masana uzituluka ngakhale kuli mitambo, usamangochoka m'chipinda kupita m'kalasi. Makatani ako uzitsekula ukangodzuka, usanagwire foni. Uzidya chakudya chophika, osati mabisiketi. Zovala zonyowa usamagone nazo m'chipinda chotseka. Ukaona kuti masiku akudutsa osafuna kudzuka, osafuna kuona munthu, usabise monga ndinachitira ine, uuze wina tsiku lomwelo, undiuzenso ine. Ndine mayi ako, si iwe mayi anga, ndipo ndikufuna udindo wanga ubwerere. Uziimba Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Masiku enawo ukaimba kuti undiuze zako ndiyankha, koma ukaimba kuti umve ngati ndikupuma ndidzadziwa, ndipo ndidzakuuza za nkhono mpaka udzatope. Tchalitchi upeze, ngakhale ya anthu oimba ngati ali pamaliro. M'kathumba ka m'mbali mwa chikwama muli nthanga zochepa za maungu m'kapepala. Usafese ukangofika, ndakuuza kale za Novembala. Dikira Epulo, ufese m'kakapu pawindo, ndipo nthawi ikakwana uzitulutse.

Madzi a m'beseni azizira, ndipo ndamva a Maureen akukoka bini, ndiye kuti kwatsala pang'ono kuti ubwere. Mawa kusiteshoni sindilankhula zambiri. Ndikakukumbatira, ndikakuuza kuti ufulumire sitima ingakusiye, ndipo udzaona ngati ndakwiya. Sindinakwiye, ndikungosunga misozi kuti ndikafike nayo pabasi.

Sutikesi yaikulu ija ukaimva kulemera usadabwe. Ndatulutsamo madiresi ako opyapyala aja, ndaikamo chijasi ndi nsapato za mu sinoo, ndipo ndinachita kukhalira pamwamba kuti zipi atseke. Ukafuna kukangana nane udzakangane pa Khrisimasi, ubwere utachivala, udzadye repu wothyola ine. Ndipo usavutike kuganiza zochibweza msanga pamalo pake. Ndakwera pampando, ndatsitsa sutikesi ya pamwamba pa wodilopu, ndatulutsa jekete lobiriwira la bambo ako. Likununkhabe dothi, ndipo m'thumba ndapezamo kachingwe komangira tomato. Manja ake ndi aatali, ndapinda kawiri. Ndalikoloweka kuseri kwa chitseko, pomwe panali chijasi chako, kuti ndizilivala popita kudimba. Pamenepo palibenso malo.

Pita bwino, Zione, Mulungu akutsogolere.

Ndine mayi ako,
wotopa koma woimirira.